Zobwera ndi Alendo pa Khirisimasi ya ku Roma

Yesu sanabadwire ku Roma, ndipo mwa alembi anayi a Uthenga Wabwino palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mwezi kapena tsiku limene anabadwa. Luka akusimba za kalembera wa Kaisara Augusto, za abusa ochezera kulonda nkhosa usiku, ndi za khanda logonekedwa modyera ziweto. Mateyo akusimba za Herode ndi akatswiri a nyenyezi ochokera kuvuma. Za deti onse ali chete. Chikhalirecho, pa 25 Disembala maso a Akatolika kulikonse amaloza ku Roma, makamaka ku kadziko ka Vatican, ka mahekitala 44 okha, kamene kali m'kati mwa mzindawo. Munthu akamaonera pa kanema makandulo ali ngwee, kwaya ikuimba Chilatini, Papa akufukiza lubani pansi pa denga limene Michelangelo analinganiza, sachedwa kuganiza kuti zonsezi zinayamba ndi Petulo Woyera ndipo zafika lero zosakhudzidwa. Mbiri ikunena zina. Khirisimasi ya ku Roma yakhala ikuwonjezeredwa pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 1,700, ndipo zambiri zowonjezerazo zinabwera ndi alendo: Agiriki, abusa a kumapiri, munthu wosauka wa ku Assisi, Papa wa ku Poland. Zina zimene zimaoneka zamakedzana n'zazing'ono kwa agogo ambiri amene ali moyo lero. Kubwereka kumeneku si chilema. Ndiko kwachititsa kuti chikondwererochi chisafote, ndipo luso la Roma lagona pa kudziwa cholowetsa m'nyumba, chosiya pakhomo ndi chokana.

Detilo ndi chinthu chimodzi chimene Roma anapereka kwa ena m'malo molandira. Umboni wakale koposa uli m'buku la kalendala limene mlembi waluso, Furius Dionysius Filocalus, anakonzera Mkhristu wolemera dzina lake Valentinus m'chaka cha 354. M'bukumo muli mndandanda wa masiku okumbukira ofera chikhulupiriro, ndipo pamwamba penipeni pa mndandandawo pali 25 Disembala, tsiku lobadwa Khristu ku Betelehemu. Akatswiri a mbiri amati mndandandawu unasonkhanitsidwa mu 336, patangopita zaka 23 kuchokera pamene mfumu Constantine inalola Akhristu kupembedza poyera. Mipingo ya kuvuma inali ndi tsiku lake, 6 Januwale. John Chrysostom, polalikira ku Antioch cha m'ma 386, anauza anthu ake kuti chikondwerero cha 25 Disembala chinali chisanathe zaka 10 chifikire kwawoko, ndi kuti chinachokera kuzambwe. Mpingo wa ku Armenia sunalandire tsikuli mpaka lero. A ku Ethiopia ndi a mpingo wa Coptic ku Egypt amasangalala pa 7 Januwale, koma yawo ndi nkhani ya kawerengedwe: sanatsate kalendala imene Papa Gregory XIII anakonza mu 1582.

Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amaimirira, ndipo mawu ake amamveka m'mipingo ina ngakhale kwathu kuno. Akuti Khirisimasi ndi phwando lachikunja limene linangovekedwa mkanjo. Ali ndi pogwira. Aroma akale ankachita Saturnalia kuyambira pa 17 mpaka pa 23 Disembala: madyerero, kupatsana mphatso, kuyatsa makandulo, akapolo kudya ngati mabwana. Mu 274 mfumu Aurelian inamangira kachisi mulungu wa dzuwa, Sol Invictus, ndipo kalendala ya 354 yomwe ija ikuonetsa phwando la Wosagonjetsekayo pa 25 Disembala pomwepo. Chifukwa chake chili kuthambo. Ku Ulaya mwezi umenewu ndi wachisanu, ku Roma dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo ndi m'masiku amenewa pamene usana umasiya kufupika n'kuyambanso kutalika. Koma mlandu suthera pomwepo. Akhristu olankhula Chilatini a m'zaka za m'ma 200 ankawerengera kuti Yesu anafa pa 25 Malichi, ndipo ganizo linafala lakuti anafa pa deti lomwelo limene amayi ake anatenga pathupi pake. Kuwonjezerapo miyezi 9 kumagwera pa 25 Disembala. Akatswiri amakanganabe kuti cholemera n'chiti mwa ziwirizi, ndipo n'kutheka kuti zinathandizana. Chimene wotsutsa amachilumpha n'chakuti Mpingo wa ku Roma unatenga tsiku koma unakana mulungu wake. Papa Leo I, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 440 mpaka 461, pa ulaliki wina wa Khirisimasi anadzudzula Akhristu amene, akakwera masitepe a tchalitchi cha Petulo Woyera m'mawa, ankayamba atembenuka kuweramira dzuwa lotuluka asanalowe. Munthu amene akungosintha dzina la phwando la dzuwa sangakalipire anthu chifukwa choweramira dzuwa. Pa bwalo la tchalitchicho lero paima chipilala chamwala chimene mfumu Caligula inaitanitsa kuchokera ku Egypt. Papa Sixtus V anachisamutsira pamenepo mu 1586 n'kuchiika mtanda pamwamba. Sanachigumule, komanso sanachisiye mmene chinaliri.

Deti litapezeka panatsala vuto la malo. Akhristu a ku Yerusalemu ankatha kuyenda usiku kukapemphera pa phanga la ku Betelehemu, pamene Aroma analibe phanga. Iwo anangoganiza zokokera Betelehemu kwawo. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Ephesus utagamula mu 431 kuti Maria ayenera kutchedwa Amayi a Mulungu, Papa Sixtus III anamanga tchalitchi chachikulu cha Santa Maria Maggiore pa phiri la Esquilino, ndipo m'menemo munadzakonzedwa kachipinda kofanizira phanga lija. Pansi pa guwa lalikulu la tchalitchicho pali timatabwa takale, tosungidwa m'chotengera cha galasi ndi siliva, timene mwambo umati ndi zotsala za chodyeramo ziweto chimene Yesu anagonamo. Amati tinafika ku Roma m'zaka za m'ma 600, nthawi ya Papa Theodore I, yemwe kwawo kunali ku Yerusalemu. Kuti matabwawo ndi enieni palibe angalumbire, ndipo Mpingo suumiriza munthu kukhulupirira zimenezo. Chimene akutsimikiza ndi njala ya Aroma yofuna kukhudza ndi manja chinthu chimene chinachitikira kutali. Mu Novembala 2019 Papa Francis anatumiza kachidutswa kake ku Betelehemu, ndipo iye mwini anaikidwa m'manda m'tchalitchi chomwechi mu Epulo 2025. Mwambo wa Misa zitatu za Khirisimasi unabadwiranso m'misewu imeneyi. Papa ankayamba ndi Misa ya usiku ku Santa Maria Maggiore, kutengera mchezo wa ku Betelehemu. M'bandakucha ankaima pa tchalitchi cha Sant'Anastasia, m'munsi mwa phiri la Palatino, kulemekeza Agiriki a boma la Constantinople amene ankakumbukira woyera wawo Anastasia tsiku lomwelo. Dzuwa litakwera ankapita kwa Petulo Woyera. Papa Gregory I, amene anamwalira mu 604, ankazitchula kale Misa zitatuzi. Lero wansembe aliyense, kaya ali ku Roma kaya ku Chipata, amaloledwa kuchita Misa zitatu pa tsikuli, ndipo yapakatiyo inayamba chifukwa cha ulemu wopereka kwa alendo.

Khola limene ana amalizungulira m'matchalitchi linakulira kumudzi. Mu 1223 Francis wa ku Assisi, ali ku Greccio, kamudzi ka m'mapiri kumpoto kwa Roma, anapempha mnzake kuti akonze m'phanga chodyeramo ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu aone ndi maso awo umphawi umene Mwanayo anabadwiramo. Ziboliboli panalibe. Panali nyama, udzu, miuni ya anthu a m'midzi yozungulira, ndi Misa. Ng'ombe ndi bulu, tinene, mwa Luka mulibe: zinachokera kwa mneneri Yesaya, pamene akudandaula kuti ziweto zimadziwa mwini wake pomwe anthu a Mulungu sazindikira. Ku Roma kunapita zaka pafupifupi 70 kuti Papa Nicholas IV, woyamba wa chipani cha Francis kukhala pa mpando wa Petulo, atume mmisiri Arnolfo di Cambio kusema khola lamwala ku Santa Maria Maggiore cha m'ma 1291. Ziboliboli zakezo zilipobe. Anthu a ku Napoli m'zaka za m'ma 1700 anathiramo mudzi wonse: ogulitsa nsomba, ophika buledi, opemphetsa, ndi amene akhalira vinyo osadziwa n'komwe kuti pafupi pabadwa mwana. Khola la ku Roma limene likuonetsa bwino mtima umenewu silili m'tchalitchi ayi. Lili m'nyumba ya antchito osesa m'misewu, pafupi ndi mpanda wa Vatican, ndipo analiyamba mu 1972 ndi wosesa mmodzi, Giuseppe Ianni, pamodzi ndi anzake akaweruka ku ntchito. Ndi kamzinda kathunthu: tinyumba tamiyala toyaka nyale m'kati, timisewu tokhotakhota, timitsinje toyenda madzi enieni, ndipo m'mbali mwamatidwa miyala imene alendo akhala akubweretsa kuchokera m'mayiko awo. Papa John Paul II ankapita kukaliona chaka ndi chaka. Mwini bwalo lalikulu ankatuluka kukaonera ntchito ya osesa.

M'misewu nyengoyi imatsegulidwa pa 8 Disembala, tsiku lokumbukira kuti Maria anatengedwa pathupi wopanda tchimo lobadwa nalo. Ku Italy ndi tsiku la tchuthi, ndipo mabanja ambiri amatulutsa khola ndi mtengo tsiku limeneli. Papa Pius IX analengeza chiphunzitsochi mu 1854, ndipo mu 1857 pafupi ndi Piazza di Spagna panaimikidwa chipilala chachitali chokhala ndi chiboliboli cha Maria pamwamba. Woyamba kupereka maluwa m'mawa wa tsikuli si Papa kapena kadinala, koma wozimitsa moto. Amakwera makwerero a galimoto yawo mpaka pamwamba, n'kukoleka nkhata yamaluwa pa mkono wa chibolibolicho, anzake ali pansi ataima mwaulemu. Papa amabwera masana, monga mmene John XXIII anachitira mu 1958. Masiku otsatira kumamveka zitoliro za azampognari, abusa ochokera m'mapiri a Abruzzo, Molise ndi kum'mwera kwa Lazio, amene kale ankatsikira mumzinda m'nyengo yachisanu kudzafuna kangachepe. Amayenda awiriawiri, atavala zikopa za nkhosa, wina akuuzira thumba lachikopa la mipope ingapo, mnzake chitoliro chimodzi cha mawu okwera, ndipo ankaima kuimbira zithunzi za Maria zimene zili m'makona a nyumba. Lamulungu lina la Adiventi ana amadzaza bwalo la Petulo Woyera, aliyense atakweza m'mwamba kachiboliboli ka Yesu ka m'khola la kunyumba kwawo kuti Papa akadalitse, mwambo umene Paul VI anauyamba mu 1969. Ndipo pa phiri la Campidoglio, ukakwera masitepe 124 a tchalitchi cha Santa Maria in Aracoeli, umapeza Santo Bambino, chiboliboli chamtengo cha Mwana Yesu chimene kale ankachinyamula kupita nacho kwa odwala. Ana amaima pa kansanja kutsogolo kwake n'kumalakatula ndakatulo za Khirisimasi, ndipo makalata amafika kuchokera kumayiko akutali olembera Mwanayo. Chenichenicho chinabedwa mu Febuluwale 1994 ndipo sichinapezeke. Amisiri anasema china, ndipo ana akulakatulabe, makalata akubwerabe. Kulimba kwa mwambowu sikunali m'thabwa limene mbala zinatenga.

Za m'khitchini zikunena nkhani yomweyo mwachidule. Madzulo a pa 24 Disembala mabanja a ku Roma sadya nyama. Patebulo pamakhala nsomba yokazinga, nsomba youma yamchere, ndi mkunga wonona umene amautcha capitone. Chiyambi chake ndi kusala: lamulo lakale la Mpingo linkaletsa nyama tsiku loti mawa n'chikondwerero chachikulu. Paul VI anafewetsa malamulo a kusala mu 1966, koma nsomba inatsalira, ndipo chimene chinali kudzimana chasanduka phwando la mbale zosawerengeka. Keke ya Aroma enieni ndi pangiallo, ya uchi, mtedza ndi zipatso zouma, koma yapanikizidwa ndi panettone wa ku Milano ndi pandoro wa ku Verona. Masewera a tombola amene banja limachezera akatha kudya anachokera ku Napoli. Usiku wa pa 31 Disembala amadya mphodza, akuti zimaitana ndalama. Nyengo imatsekedwa pa 6 Januwale ndi Befana, nkhalamba yaikazi yokwera tsache imene imathira maswiti m'masokosi a ana omvera ndi makala m'masokosi a osamva, ngakhale makala a masiku ano ndi a shuga. Msika wake uli pa Piazza Navona, bwalo limene linamangidwa pamwamba pa malo amasewera a mfumu Domitian. Kwathu munthu wouluka usiku pa chiwiya cha m'nyumba sitimuitanira ana, koma ku Italy ana amagona akumudikira.

Mtengo wa pa bwalo la Petulo Woyera, umene ambiri amauyesa chizindikiro chachikhalire cha Khirisimasi ya Papa, ndi mlendo wa dzulodzuloli. Mwambo wokongoletsa mtengo unakulira m'mayiko olankhula Chijeremani, ndipo kwa nthawi yaitali Akatolika ambiri a ku Italy ankauona ngati wa anthu a kumpoto. Mu 1978 makadinala anasankha Karol Wojtyła wa ku Poland, Papa woyamba wosakhala Mtaliyana pa zaka 455, ndipo mu 1982 iye, monga John Paul II, analamula kuti pakati pa bwalo paimikidwe mtengo ndi khola lalikulu. Paja akulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse dera lina la ku Italy kapena dziko lina la ku Ulaya limapereka mtengo, ndipo kholalo nalo limasinthasintha eni. Mu 2018 linali lamchenga, mphatso ya tauni ya Jesolo. Mu 2020 linali ladothi lowotcha, loumbidwa ndi ophunzira ndi aphunzitsi a sukulu yazaluso ya ku Castelli pakati pa 1965 ndi 1975, ndipo pakati pa ziboliboli zake panali munthu wovala zopitira kumwezi. Anthu anang'ung'udza kwambiri, ena mpaka kunena kuti n'chipongwe. Mu 2024 anthu zikwizikwi anasaina chikalata chopempha kuti mtengo wa ku Ledro, m'chigawo cha Trentino, usadulidwe, ndipo a ku Vatican anayankha kuti unali kale pa mndandanda wa mitengo yoti idulidwe posamalira nkhalangoyo. Pa mikangano iwiriyi wolemba uyu akuona kuti odandaula za mtengo anali ndi funso loyenera kufunsidwa, pamene odandaula za khola ankateteza "mwambo wakale" umene pa bwalolo unali usanakwanitse zaka 40.

Ngakhale Misa ya usiku, imene ndi mtima wa zonse, yasuntha. Kwa zaka zambiri inkayamba pakati pa usiku. Benedict XVI anaibweza kufika 10 koloko mu 2009, Francis anaiika 9:30, ndipo mu 2020, boma la Italy litalamula kuti anthu azikhala ali m'nyumba pofika 10 koloko chifukwa cha mliri wa Covid-19, inayamba 7:30 madzulo. Misa isanayambe woimba mmodzi amalengeza kubadwa kwa Yesu mwa kuwerenga nthawi: zaka 752 chikhazikitsidwire mzinda wa Roma, chaka cha 42 cha ulamuliro wa Augusto. Umu ndi mmene mzindawu unadzilowetsera m'nkhani imene inachitikira kumalire a ufumu wake, ndipo malo amene unadzipatsa ndi a wolamula kalembera, osati a mwini khanda. Pa 25 masana, 12 koloko ya ku Roma, imene kwathu ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique ndi 1 koloko, Papa amaima pa khonde lapakati kupereka uthenga ndi dalitso la Urbi et Orbi, kwa mzinda ndi kwa dziko lonse. Uthengawo nthawi zambiri umakhala mndandanda wa mayiko amene muli nkhondo ndi njala. Kuti dalitsolo lifike kwa munthu wa ku Mangochi nthawi yomweyo ndi zotheka chifukwa cha mlendo winanso, wailesi, imene Guglielmo Marconi anakhazikitsira Papa Pius XI mu 1931.

Wotsutsa wachiwiri ndi wolimba kuposa woyamba, ndipo sayenera kuyankhidwa mothamanga. Iye akuti: mwana amene anasowa malo m'nyumba ya alendo akukumbukiridwa pansi pa golide ndi miyala yamtengo wapatali, mahotela akukweza mitengo, masitolo a pa Via dei Condotti akuwala usiku wonse, pamene anthu osowa pokhala akugona pa makatoni pansi pa zipilala za Bernini zozungulira bwalo la Petulo Woyera, mamita ochepa kuchokera pa khola lochita kupanga. Akhoza kuwonjezera kuti Khirisimasi ya ku Roma yatumikirapo mphamvu za dziko, pakuti linali tsiku la Khirisimasi ya chaka cha 800 pamene Papa Leo III anaveka Charlemagne chisoti chaufumu m'tchalitchi cha Petulo Woyera. Zonsezi n'zoona, ndipo kukana n'kudzinamiza. Chimene chinganenedwe n'chakuti chikondwererochi chimayenda ndi wodzudzula wake m'kati. Ukaika chodyeramo ziweto pakati pa bwalo lachifumu, waika funso limene aliyense wodutsa angakufunse, ndipo nthawi ndi nthawi eni bwalo ayesa kuliyankha ndi miyendo. Pa Khirisimasi yake yoyamba, mu 1958, John XXIII anapita kukaona ana odwala pa chipatala cha Bambino Gesù, ndipo m'mawa mwake analowa m'ndende ya Regina Coeli. Paul VI anachita Misa ya usiku wa Khirisimasi ku Firenze mu 1966, mzindawo utangosefukira madzi, ndi m'fakitale yazitsulo ku Taranto mu 1968, pakati pa antchito ovala zipewa zawo zolimba. Mu 2015 Francis anamangitsa mabafa a osowa pokhala pansi pa zipilala zomwe zija. Mu 2024, atatsegula Khomo Loyera la Chaka cha Jubile kwa Petulo Woyera pa 24 Disembala, anapita pa 26 kukatsegula lina m'ndende ya Rebibbia.

Chaka cha 1982, chimene mtengo unaima koyamba pa bwalo, chinabalanso mwambo wina m'dera lina la tauni. Gulu la Sant'Egidio, limene Andrea Riccardi analiyambitsa mu 1968 ali mnyamata wa sekondale, linayala matebulo m'kati mwa tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere pa tsiku la Khirisimasi n'kuitana okalamba ndi osowa pokhala kudzadya nkhomaliro. Anayamba ochepa. Lero mabenchi amachotsedwa, tchalitchi chonse chimadzaza matebulo a nsalu zofiira, ndipo wobwera aliyense amalandira mphatso yolembedwa dzina lake. Wina anganene kuti mbale ya tsiku limodzi sichotsa umphawi, ndipo sakulakwa. Koma gululi silitseka pa 26 Disembala. Ndi lomwelo limene linakhala mkhalapakati pa zokambirana zimene zinathetsa nkhondo ya ku Mozambique, pangano lake n'kusainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, ndipo ndi lomwelo limene limayendetsa ntchito ya DREAM yothandiza anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ku Malawi. Golide wa m'matchalitchi sanachoke, ndipo wotsutsa ali ndi ufulu wopitiriza kuloza chala. Koma sanganene kuti khola lija silinasunthe munthu.

Patsala funso lochokera mbali ina, la Mkatolika wokonda dongosolo. Ngati Roma analandira tsiku la anthu a dzuwa, zitoliro za abusa, mtengo wa kumpoto ndi nkhalamba ya tsache, ndiye kuti chilichonse chingalowe? Yankho lili pa malo amene chinthu chilichonse chinapatsidwa. M'kati mwa Misa munalowa zochepa, ndipo zinalowa mochedwa, zitayesedwa zaka mazana: mawerengo a Yesaya, Luka ndi Yohane, Misa zitatu, chilengezo cha kubadwa. Khola ndi mtengo zinaima pabwalo, pamene munthu akhoza kuzikonda kapena kuzinyoza popanda kukhudza chikhulupiriro, ndipo n'chifukwa chake zimasintha chaka ndi chaka. Befana ndi Babbo Natale, nkhalamba ya ndevu zoyera ya m'masitolo, anasiyidwa kumsika. Palibe anawathamangitsa, palibenso anawaitanira ku guwa. Kuweramira dzuwa kunakanidwa. Phokoso la chaka chatsopano, limene alaliki akale ankalidandaula, silinathe, koma Mpingo unaika pambali pake nyimbo yothokoza ya Te Deum madzulo a pa 31 Disembala, ndi chikondwerero cha Maria Amayi a Mulungu pa 1 Januwale, tsiku limene kuyambira 1968 ndi lopemphereranso mtendere. Muyeso wake Papa Francis anaufotokoza m'kalata ya Admirabile signum, imene anasainira ku Greccio pa 1 Disembala 2019. Analimbikitsa kuti makola aziikidwa m'nyumba, m'sukulu, m'zipatala, m'ndende ndi m'malo a ntchito, ndipo anavomereza kuti ana ndi akulu aziwonjezamo anthu amene mu Uthenga Wabwino mulibe, popeza kholalo lili ndi malo a munthu aliyense. Chofunika n'chakuti likambe za Mwanayo.

Deti la Aroma linafika kwathu lopanda chisanu chake. Kuno Disembala ndi mwezi wa mvula, chimanga chili m'mawondo, anthu ali kalikiliki ndi kupalira, ndipo usana ndi wautali koposa m'chaka chonse. Fanizo la kuwala kogonjetsa usiku wautali, limene Mroma amalimva m'mafupa, kuno limafuna kulongosoledwa, pamene njala ya miyezi imeneyi ndi mwana wobadwira posayenera sizifuna womasulira. Choncho komiti ya tchalitchi imene ikukangana ngati khola lingafoleredwe ndi udzu wa kudambo, ngati Maria angavale chitenje monga amasemera amisiri a ku Mua, kapena ngati thonje loyerekeza chipale chofewa n'lofunika pa nthambi za mtengo, isaope kuti ikupatuka pa za ku Roma. Roma anachita zomwezo ndi zimene anazipeza pafupi. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902. Pamene mtengo woyamba unkaimikidwa pa bwalo la Petulo Woyera, Khirisimasi inali itapempheredwa kale ku Nzama kwa zaka 80.